Mtima wa Namani: Wodwala, Chipatala ndi Dziko la Mulungu

Mawu a Mulungu: 2 Mafumu 5:1-19, Ezekieli 34:17-19, Yohane 6:1-13



Pakati pathu palibe amene sanapondepo pakhomo la chipatala. Ena tinapita tikudwala tokha, ena tinapita ndi mwana kumbuyo, ena tinagona pansi pambali pa bedi la apongozi kwa milungu ingapo. Amene amadzaza mabenchi a kusikelo ndife. Amene amaphika phala kumalo ogona odwazika matenda ndifenso. Tsono zimene zimachitika pachipatala, zabwino ndi zoipa zomwe, dzanja la mayi limakhalapo. N'chifukwa chake ndapempha kuti tilingalire limodzi funso ili: kodi mtima umene timapita nawo kuchipatala umasamala dziko limene Mulungu anatisungitsa, kapena umaliwononga?

Namani anafika ataganiza kale mankhwala ake

Nkhani ya Namani timaidziwa kuyambira ku Sande sukulu. Anali mkulu wa asilikali a mfumu ya Aramu, munthu womveka, koma thupi lake linali ndi khate. Amene anamulozera njira anali kamtsikana kogwidwa kunkhondo, kantchito ka mkazi wake. Namani ananyamuka ndi kalata ya mfumu, siliva, golide, zovala, akavalo ndi magaleta. Atafika pakhomo pa Elisa, mneneriyo sanatuluke n'komwe. Anangotuma munthu kukamuuza kuti akasambe mu Yordano kasanu ndi kawiri.

Namani anapsa mtima. Chimene chinamukwiyitsa tichione bwino. Iye anali atakonza kale m'mutu mwake mmene machiritso ayenera kuyendera: mneneri atuluke, aimirire, apemphere mokweza, aweyule dzanja pamalo odwalawo. Thandizo lophweka analiona ngati chipongwe. Anayamba kuyerekeza mitsinje ya kwawo ku Damasiko ndi Yordano, n'kutembenuka kuti azipita ndi khate lake. Mwayi wake unali wakuti antchito ake analimba mtima. Anamukumbutsa mwaulemu kuti akanauzidwa chinthu chovuta akanachita, nanga chophweka akukaniranji? Anatsika, anasamba, khungu lake linakhala ngati la kamwana.

Amayi, Namani sanathere m'Chipangano Chakale. Amakhala nafe pamzere wa kuchipatala m'mawa uliwonse, ndipo nthawi zina amavala chitenje.

Jakisoni

Pa zaka zimene ndinagwira ntchito ya unamwino, dandaulo limene ndinalimva kawirikawiri linali lakuti, “Angondipatsa mapiritsi, sanandibaye.” Wodwala amatuluka m'chipinda cha adokotala nkhope ili gwaa, n'kupita kwa munthu wina kumudzi kapena kukachipatala kolipira kukafuna jakisoni. Timakhulupirira kuti mankhwala opweteka ndiwo amphamvu. Choonadi n'chakuti matenda ambiri amene timapita nawo kuchipatala amachira bwinobwino ndi mankhwala akumwa.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu amabayidwa majakisoni pafupifupi 16 biliyoni. Jakisoni aliyense amasiya singano, sirinji ya pulasitiki, kabotolo, thonje lamagazi ndi kapepala kokutira. Bungwe lomweli linawerengera kuti m'chaka cha 2010 chokha, majakisoni obaya mosasamala anapatsira anthu 33,800 kachilombo ka HIV, anthu 1.7 miliyoni matenda a chiwindi a hepatitis B, ndi anthu 315,000 hepatitis C.

Singano yogwiritsidwa ntchito imayenera kuponyedwa m'bokosi lake lapadera, bokosilo n'kukatenthedwa m'ng'anjo yotentha kwambiri. Pamene ng'anjo yagumuka kapena mafuta asowa, zonsezi zimathera m'dzenje kuseri kwa chipatala. Ndinaonapo ana akuthirana madzi ndi masirinji otola kudzala, akuseka, osadziwa chimene agwira. Mwana ameneyo akhoza kukhala mdzukulu wa mayi yemwe uja anakakamiza namwino kuti amubaye chifukwa cha chimfine.

Mundimvetse bwino pamenepa. Alipo majakisoni opulumutsa moyo: katemera wa ana, mankhwala a malungo aakulu, insulin ya odwala shuga, ndi ena otero. Adokotala akalemba jakisoni, landirani, ndipo onetsetsani ndi maso anu kuti singano yatsegulidwa m'pepala lake inu mukuona. Singano sabwereza, ngakhale zitavuta bwanji. Chimene ndikukana ndi jakisoni wopempha tokha, wobayitsa kuti mtima ukhale pansi.

Makapisozi a m'kabati

Namani wachiwiri ndi uja amati sangachoke kuchipatala wopanda makapisozi. Mwana ali ndi chimfine, adokotala akuti mumupatse zakumwa zambiri, Panado thupi likatentha, ndipo mubwere naye akayamba kupuma mofulumira kapena movutika. Ife tikutuluka n'kukhotera kugolosale kukagula Bactrim kapena amoxicillin wa masiku awiri. Chimfine chimayamba ndi kavairasi, ndipo mankhwala amenewa sagwira kavairasi. Amene atsala timasunga m'kabati, timagawira a neba, ena timasungunulira nkhuku zikagwa chitopa, chomwenso n'cha kavairasi.

Mankhwala amene tamwa sathera onse m'thupi. Ena amatuluka ndi mkodzo ndi chimbudzi, n'kulowa m'nthaka ndi m'madzi. Amene tataya kudzala amatsukidwa ndi mvula kupita kudambo. Tizilombo tikamakumana ndi mankhwala ochepaochepa chotere, tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana. Mapeto ake mankhwala aja amasiya kugwira ntchito. Kafukufuku wamkulu amene anasindikizidwa mu 2022 anapeza kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anamwalira chifukwa cha tizilombo tosamva mankhwala, ndipo dera limene linakhudzidwa koposa, poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake, linali kuno ku Africa kum'mwera kwa chipululu cha Sahara.

Ife achikulire tinaziona ndi maso. Tinakula ndi chloroquine. Pofika 1993 anali atasiya kuchiza malungo, ndipo dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kumusiya n'kuyamba Fansidar. Fansidar nayenso anafooka, ndipo mu 2007 tinayamba LA. Mankhwala atatu m'moyo wa munthu mmodzi! Tikamamwa LA osayezetsa magazi, kapena kusiyira panjira tikangopeza bwino, tikukumba dzenje lomwelo kachitatu. Mankhwala ndi mphatso ya Mulungu yofanana ndi chitsime cha m'mudzi. Aliyense amatungapo, ndipo mmodzi akaipitsa, mudzi wonse umamwa zoipazo.

Nkhosa zovundula madzi

Mneneri Ezekieli, m'mutu 34, amatiuza kuti Mulungu amaweruzanso pakati pa nkhosa ndi nkhosa inzake. Mlandu wake ndi wa nkhosa zimene zimadya msipu wabwino n'kupondereza wotsala, zimamwa madzi oyera n'kuvundula otsalawo ndi mapazi, zinzawo n'kumamwa matope. Mulungu sanaziletse kudya kapena kumwa. Chimene chinamuwawa ndi zimene zinasiyira zinzawo m'mbuyo. Tiyeni tidzifunse zimene ife timasiya m'mbuyo tikalandira thandizo.

Choyamba ndi neti. Boma ndi mabungwe amagawa maneti onyikidwa m'mankhwala kuti mayi woyembekezera ndi mwana agone motetezeka. Koma yendani m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ku Malombe kapena ku Chilwa, mukapeza maneti osokedwa pamodzi akukokedwa m'madzi. Maso a neti ndi aang'ono kwambiri, sasiya kanthu. Amakokolola tiana ta chambo ndi nsomba zina tisanakule n'kuswana, ndipo mankhwala ophera udzudzu aja ndi poizoni kwa nsomba. Kumtunda maneti tawasandutsa makola a nkhuku ndi mipanda ya dimba. Usiku mwana akulumidwa ndi udzudzu, mawa tili pamzere kufuna LA, ndipo chaka chamawa tikudandaula kuti nsomba zakwera mtengo.

Chachiwiri ndi zinyalala za m'wodi. WHO imati mwa zinyalala zonse za kuchipatala, pafupifupi 85 pa 100 zilizonse ndi zinyalala wamba zonga za kunyumba, ndipo 15 zokha ndizo zoopsa. N'chifukwa chake m'wodi mumakhala mabini osiyana. Wodwazika matenda akataya makoko a nthochi ndi botolo la chakumwa m'bini ya mabandeji, zonsezo zasanduka zoopsa, ziyenera kutenthedwa, ndipo chipatala chiwononga mafuta amene akanayendetsa ambulansi. Akataya thonje lamagazi m'bini wamba, waika pachiswe bambo kapena mayi wosesa uja, amenenso ali ndi ana kunyumba. Kufunsa namwino kuti “ichi nditaye muti?” sikuchotsa ulemu wa munthu.

Chachitatu ndi majumbo ndi matewera otaya. Mu 2015 boma linaletsa majumbo opyapyala, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la Supreme linagwirizana ndi lamulolo. Komabe chakudya cha wodwala timanyamulira m'majumbo, tikatha timataya paliponse, n'kutseka ngalande ndi zimbudzi za chipatala. Matewera otaya timawapeza m'mitsinje ya m'matauni ndi m'misewu, agalu atawang'amba. Muli chimbudzi cha mwana mmenemo, ndipo kumunsi kwa mtsinje womwewo mayi wina akutsuka mbale. Ena timasonkhanitsa mapulasitiki n'kuyatsa pafupi ndi khonde. Utsi wa pulasitiki wotenthedwa pamoto wamba umatulutsa poizoni amene amakhalitsa m'nthaka ndi m'zakudya, ndipo amene amaupuma ndi odwala chifuwa omwewo amene tabwera kudzawasamala.

Chachinayi ndi moto wa odwazika. Pachipatala chilichonse chachikulu pamayaka mafuwa ambirimbiri m'mawa, masana ndi madzulo, aliyense ndi kamphika kake. Nkhuni ndi makala amenewa akuchokera m'mapiri omwe timawaona akuyera chaka ndi chaka. Mbaula yadothi ya Chitetezo imadya nkhuni zochepa ndipo utsi wake ndi wochepa. Amayi atatu akaphikira pamoto umodzi, mtolo wa tsiku limodzi umakwana masiku angapo, ndipo amapezanso mnzawo wowayang'anira mphika pamene akuthamangira kuwodi.

Kodi si katundu wolemetsa wodwala?

Ndikudziwa kuti wina akuwerenga akuti, “Amayi, inu mukunena za mitengo ndi nsomba, ine mwana wanga akukomoka. Kuchipatala mankhwala kulibe, andiuza kuti ndikagule. Neti ndapha nayo usipa chifukwa ana anagona ndi njala.” Mawu amenewa ndi olemera, ndipo sindikuwapeputsa. Paja akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Munthu amene ali pa ululu amaona ululu wake basi, ndipo Ambuye Yesu sanayambe wadzudzula wodwala chifukwa chofuula kufuna thandizo.

Ndi zoonanso kuti si ife amene tawononga kwambiri. Lipoti la bungwe la Health Care Without Harm la mu 2019 linapeza kuti ntchito zachipatala padziko lonse zimatulutsa 4.4 pa 100 iliyonse ya mpweya umene ukusintha nyengo, ndipo woposa theka la mpweya umenewo umachokera ku America, China ndi maiko a mgwirizano wa ku Ulaya. Chipatala chathu chakumudzi, chimene namwino amabereketsa mayi ndi tochi ya foni, gawo lake ndi laling'ono zedi.

Koma taonani amene akulira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo dziko lonse linakhala m'mavuto a magetsi kwa miyezi yambiri, zipatala zomwe. Katemera amayenera kusungidwa pozizira pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo makina a mpweya wa okosijeni sayenda popanda magetsi. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, ndipo anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Milatho itaduka, amayi oyembekezera ndi omwa ma ARV analephera kufika kuchipatala. Nthawi yomweyo tinali pa mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 ku Machinga, umene unadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Ena mwa iwo tinawaimbira nyimbo ndife, titavala yunifolomu.

Tsono yankho langa kwa mayi uja ndi ili. Palibe amene akukupemphani kuti muchepetse thandizo la mwana wanu pofuna kupulumutsa mtengo. Mwana akadwala thamangani naye, landirani zonse zimene adokotala alemba. Koma pafupifupi zonse zimene ndatchula pamwambapa, woyamba kupindula nazo ndi mwana wanu yemweyo. Neti ikakhala pamphasa, malungo achepa m'nyumba mwanu. Makapisozi akasiya kumwedwa mwachisawawa, adzagwira ntchito tsiku limene mwanayo adzadwale chibayo chenicheni. Thewera likapanda kulowa mumtsinje, kolera sadzafika pakhomo panu. Olemera akaipitsa madzi amagula a m'botolo. Ife tilibe kothawira, ndiye chitsime chathu tiyenera kuchisamala kuposa iwo.

Ndipo za njala ija, mlandu suli pa mayi yekhayo. Ngati m'tchalitchi mwathu muli banja limene lafika popha nsomba ndi neti ya mwana kuti lidye, funso likubwera kwa ife a bungwe la amayi: tinali kuti?

Tolani makombo

Pa Yohane 6 Ambuye anadyetsa anthu 5,000 ndi mikate isanu ndi tinsomba tiwiri. Onse atakhuta, analamula ophunzira kuti atole zotsala kuti pasatayike kanthu, ndipo zinadzaza mitanga 12. Iye amene akanatha kuchulukitsa mkate wina mawa lake sanalole kuti makombo aponderezedwe paudzu. Ngati Mwini zonse anasamala chotere, nanga ife amene mankhwala athu ambiri ndi ogula ndi ndalama zochepa za boma ndi zopereka za anthu akutali?

Pa Deuteronomo 23 Mulungu analamula Aisraeli kuti akhale ndi malo odzithandizira kunja kwa misasa, aliyense akhale ndi chokumbira, akatha akwirire. Chifukwa chimene anapereka n'chakuti Iye mwini amayenda pakati pa misasa yawo. Ukhondo wa pamalo anauika pamodzi ndi chiyero. Mpingo wathu wa Anglican unavomereza zomwezi mu 1990 pamene pa zizindikiro za utumiki wake unawonjezerapo chachisanu, chonena za kuteteza chilengedwe ndi kusamala moyo wa dziko lapansi. Kusesa pachipatala ndi kubzala mtengo zili m'gulu limodzi ndi kulalika Uthenga Wabwino ndi kuchezera odwala.

Kumbukiraninso mmene nkhani ya Namani inathera. Munthu amene ananyoza mtsinje wa Israeli anapempha dothi la dziko lomwelo, lokwana kusenza nyulu ziwiri, kuti apite nalo kwawo akapembedzerepo Mulungu woona. Machiritso anasintha khungu lake, anasinthanso maso ake. Madzi ndi dothi zimene ankaziona ngati zachabe anayamba kuzilemekeza. Ndipo amene anamuthandiza kufika pamenepo sanali mafumu awiri aja. Anali kamtsikana kantchito ndi antchito olankhula mofatsa. Udindo umenewo ndi wathu, amayi: kukhala pambali pa wodwala wokwiya n'kumuuza mwachikondi kuti, “Bambo, imwani mapiritsiwa, akwana.”

Zoti tichite

1. Tikapita kuchipatala tifotokoze bwino matenda athu, tifunse mafunso, koma tisalamule jakisoni kapena makapisozi. Tinyamule buku lathu la kuchipatala nthawi zonse kuti asabwereze mankhwala kapena kuyeza zimene anayeza kale.

2. Tiyezetse magazi tisanamwe LA. Mankhwala timwe monga atilangizira, osagawana, osapatsa ziweto. Otsala ndi otha nthawi tibwerere nawo kuchipatala tikafunse katayidwe kake.

3. Neti ikhale yogonamo. Ikang'ambika tisoke.

4. Podwazika matenda tinyamule chakudya m'mbale zovundikira ndi m'dengu, tiphikire pamodzi, ndipo tifunse za mabini. Matewera ochapa akadali abwino. Amene akugwiritsa ntchito otaya asawaponye mumtsinje, m'ngalande kapena pamsewu.

5. Tipewe matenda: chimbudzi chokhala ndi chivundikiro, mpondagiya ndi sopo pakhomo, madzi othira klorini kapena owiritsa, ndi katemera wa ana onse pa nthawi yake. Matenda amene tawapewa sadya mankhwala, sasiya singano, sawononga ndalama ya basi.

6. Nthambi iliyonse isankhe chipatala chimene ili nacho pafupi, kaya ndi cha boma kaya ndi cha mpingo monga St Luke's ku Malosa, St Martin's ku Malindi, St Anne's ku Nkhotakota kapena St Peter's ku Likoma. Tikambirane ndi oyang'anira, tikasese, tibzale mitengo m'nyengo ya mvula n'kuisamala mpaka ikule, tiumbe mbaula za odwazika. Mutu umodzi susenza denga.

7. Amayi alowe m'makomiti a zipatala za m'dera lawo ndipo akalankhule. Tifunse mwaulemu ngati ng'anjo ikugwira ntchito, ngati dzenje la zinyalala lili ndi mpanda, ngati osesa ali ndi magolovesi ndi nsapato, ngati pali dongosolo la magetsi a dzuwa. Wodwala ali ndi udindo, koma akuluakulu a zaumoyo, makhansala ndi aphungu ali ndi udindo woposa, ndipo amafunika kukumbutsidwa.

Mafunso okambirana pamsonkhano wathu

Kodi ndi thandizo lophweka liti limene anthu a m'dera lathu amalinyoza monga Namani ananyozera Yordano? Kodi m'nyumba mwathu muli mankhwala angati otsala, ndipo tinawasungiranji? Kodi ndi banja liti limene tingalithandize mwezi uno kuti neti ibwerere pamphasa?

Tipemphere

Mulungu Atate, Mlengi wa thupi lathu ndi wa dziko limene limatidyetsa, tikuyamikani chifukwa cha madokotala, anamwino, azamba, alangizi a zaumoyo ndi onse osesa m'zipatala zathu. Chotsani mwa ife mtima wodzikuza wa Namani, mutipatse mtima wake womvera. Tiphunzitseni kulandira machiritso mothokoza, osavundulira anzathu madzi. Khudzani odwala onse amene ali m'mawodi ndi m'makomo usiku uno, limbitsani owadwazika, ndipo tonthozani amene anataya abale awo ndi kolera ndi madzi osefukira. Tikupempha izi kudzera mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.

Ambuye akudalitseni nonse pamodzi ndi mabanja anu.